Zeze wa Amangbetu ndi Bangwe Wathu

Coimbira ciri ndi moyo pamene cilira m'manja mwa mwini wace. Cikapacikidwa pa khoma kuti alendo acione, cangotsala mtengo wosema. Ine amene ndagwira nchito ya ukalaliki m'Lusaka zaka zambiri ndinaphunzira ici pa kuwerenga mbiri ya Amangbetu, ndipo ndifuna kuti inu a m'tauni muimve, cifukwa nkhaniyi itikhudza ifenso.

Amangbetu akhala kumpoto ca kum'mawa kwa dziko la Congo, kufupi ndi mtsinje wa Uele. Zeze wao ali ndi khosi lopindika ngati uta, mimba yace yokutidwa ndi cikopa, ndipo kawirikawiri zingwe zace ndi 5. Pamwamba pa khosilo amisiri ankasemapo mutu wa munthu wautali ca kumbuyo, pakuti mwambo wao unali womanga mitu ya makanda ndi nsaru kuti italike. Mwambo umenewu unayamba kutha m'zaka za m'ma 1950.

Mzungu wa ku Germany, Georg Schweinfurth, anafika kwa mfumu yao Munza m'caka ca 1870. Pambuyo pace Azungu anacuruka, ndipo kuyambira 1909 kufikira 1915 Herbert Lang ndi James Chapin anasonkhanitsa zinthu zambirimbiri za dzikolo natumiza ku nyumba yosungiramo zakale ku New York. Akatswiri amene anapenda katunduyo m'zaka zapambuyo anapeza kuti zosema za mitu yaitali zinacuruka nthawi yomweyo imene Azungu anayamba kuzifuna. Mafumu, monga Okondo, ankapereka zinthu zotere kwa alendo ngati mphatso. Tsono amisiri anaika mtima pa kukongoletsa mutu ndi thupi la zeze, kotero kuti azeze ena anaturuka okoma m'maso koma osayenera kwenikweni kuimbira. Lero ambiri a iwo agona m'magalasi ku Ulaya ndi ku Amereka, osamvekanso liu lao.

Cifukwa ninji ndikamba za anthu a kutali cotere? Pitani ku Kabwata, pa mseu wa Burma, mukaone. Likulu la dziko litacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935, Boma la atsamunda linamanga kumeneko nyumba zozungulira zofolera udzu zokhalamo anchito acikuda. Zambiri zinagwetsedwa, koma zoposa 40 zinasiyidwa, ndipo mu 1974 malowo anasanduka mudzi wosungira miyambo. Kumeneko amisiri asema ng'oma ndi tikalimba, nagulitsa kwa alendo. Sindiwadzudzula ai, pakuti nkhwangwa ndi sompho ndizo zidyetsa ana ao. Koma wogula akafuna cokongoletsa nyumba cabe, mmisiri adzasamala maonekedwe koposa liu, monga zinacitikira ku Uele. M'nyumba zina za ku Kabulonga ndi ku Woodlands ndaona ng'oma zoikapo makapu a tiyi, zimene cikopa cace sicinaothe moto ndi tsiku limodzi lomwe.

Makolo athu a ku Cipata ndi ku Malawi anali ndi coimbira ca zingwe cimene mlendo sangaciyang'ane kawiri, ndico bangwe. Ndi thabwa cabe lobooledwa mbali ziwiri, ndi cingwe cimodzi cacitali copitirizidwa m'mabowomo mpaka cipanga mizere 7 kapena kuposa, ndipo liu lace alikuza ndi cigubu kapena citini. Alibe nkhope yosema, koma woimba ankakamba naye za njala, za maliro, ndi za amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni osabweranso. Hugh Tracey anajambula mau a oimba bangwe ku Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, ndipo nyimbozo zisungidwa ku Rhodes University ku South Africa.

Kusunga mau m'makina nkwabwino, koma makina saphunzitsa zala. Cifukwa cace ndipempha inu atate ndi amai a ku Chelstone ndi ku Kabwata: pogula kalimba kapena ng'oma, yambani mwamupempha mmisiri kuti aimbe mumve, ndipo musankhe yolira bwino. Agogo odziwa bangwe akadza kudzaceza kucokera kumudzi, apezereni thabwa ndi waya, muitane adzukulu akhale pafupi aone m'mene amangira zingwe.