Duko wa ku Selous

Ku Selous, m'zaka za ubwana wanga, penti wa galimoto sitinkamutcha penti. Tinkati duko. Ndinkayesa kuti mawuwa ndi a Chishona, kapena a Chilapalapa chimene mabwana ankatilamulira nacho, mpaka nditakula ndi kumva kuti Duco ndi dzina la malonda la penti wa kampani ya DuPont ya ku America. Mawu obadwira m'fakitale ya kutsidya kwa nyanja anadzakhazikika m'kamwa mwa bambo anga, Mngoni wa ku Ntcheu amene sanaonepo nyanja yamchere.

Selous ndi kamalo kakang'ono pa msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu, tawuni imene kale inkatchedwa Hartley. Dzinali ndi la Frederick Courteney Selous, mlenje wa njovu amene analondolera gulu la atsamunda a Cecil Rhodes polowa m'dziko la Amashona mu 1890. Lero anthu amadziwa Selous chifukwa cha ng'anjo za Zimplats zoyengera pulatinamu. Ife tinakulira mu Selous wina, wa mapulazi a fodya, chimanga ndi tirigu, kumene makomboni ankayankhula Chinyanja ndipo gule wamkulu ankatuluka pa maliro ngati kuti tili ku Dedza. Amashona ankatitcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti ambiri mwa makolo athu mzindawo sanaupondemo.

Bambo anabwera mu 1958 kudzera ku Mthandizi, dzina limene anthu a ku Nyasaland anapatsa bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, lokhazikitsidwa mu 1946 kuti lizisonkhanitsira alimi achizungu antchito. Anayamba ndi khasu m'munda wa fodya. Kenaka kapitawo anaona kuti mnyamatayu ali ndi manja abwino, nawatumiza ku wekishopu kukanyamula masipanala. Patapita zaka anali makaniko wa pulazi lonse: mathirakitala, mapampu a madzi, lole, ndi galimoto za banja la bwana.

Kuti mumvetse chimene bambo ankachita ndi duko, tiyambe tabwerera mmbuyo pang'ono. Galimoto zoyambirira ankazipenta ndi burashi monga ngolo za akavalo, kupaka vanishi kambirimbiri, ndipo kuti galimoto imodzi iume pankapita milungu ingapo. Kwa zaka zoposa khumi kuyambira 1914, Model T ya Ford inkatuluka yakuda yokhayokha. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1920. Duco, wopangidwa ndi nitrocellulose, anaoneka koyamba pa galimoto za Oakland za 1924, zobiriwira ngati thambo, ndipo ankauma msanga chifukwa thinazi akangouluka, penti watsala. Pentiyu sankafuna burashi koma kupopera. Mfuti yopoperera penti inachokera ku banja la DeVilbiss ku Toledo, kumene bambo wake, dokotala, anapanga kachipangizo kopoperera mankhwala kukhosi, mwana wake Thomas n'kukasandutsa chida cha amisiri mu 1907. Kampani ya 3M inatulutsa sandipepa wosaopa madzi mu 1921, ndi tepi yomatira malo osafuna penti mu 1925. Zida zinayi zimenezi ndi zomwe ndinazipeza m'bokosi la bambo zaka makumi asanu ndi awiri pambuyo pake, zosasintha kwenikweni.

Ubwino wa duko kwa munthu wosauka ndi wakuti amakhululuka. Safuna uvuni. Ukalakwitsa, umadikira aume, n'kukhula, n'kupoperanso. Kuipa kwake n'kwakuti kunyezimira sikutuluka m'chitini. Kumatuluka m'mapewa a munthu wokhula ndi kupukuta.

Mafakitale a ku Ulaya atasamukira ku mitundu ina ya penti, ku Rhodesia duko anakhalitsa, ndipo ndikuganiza kuti ndale zinathandizapo. Ford inatsegula fakitale ku Willowvale mu Salisbury mu 1961. Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu okhaokha pa 11 Novembala 1965, mayiko anaika zilango za malonda, ndipo posakhalitsa Ford inachoka. M'malo mwake munalowa galimoto za ku France, Japan ndi Italy, zobwera zidutswazidutswa m'njira zokhotakhota n'kudzalumikizidwa konkuno. Galimoto yatsopano inali ya mwayi, ndipo ngakhale ufulu weniweni utabwera mu 1980, anthu ankalembetsa dzina n'kudikira zaka. Choncho galimoto sinkatayidwa. Ikachita dzimbiri ankaiwotcherera, ikafwifwa ankaipenta. Pa mapulazi ntchito imeneyo inkagwera anthu onga bambo. Ndawerenga nkhani zambiri zotamanda luso la alimi a ku Rhodesia pa nthawi ya zilango, koma sindinapezemo dzina la munthu amene ankagwira sandipepa.

Peugeot 404 yathu bambo anaigula kwa mwini pulazi mu 1988, ndalama zikudulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi. Inali galimoto ya mbiri: mtundu umenewu unatuluka mu 1960, thupi lake linajambulidwa ndi Pininfarina wa ku Italy, ndipo unapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Yathuyo injini inali bwino, koma khungu linali la galu wa mphere. Denga linatuwa ndi dzuwa, zitseko zinali ndi mabala a penti wofiira woletsa dzimbiri. Bambo sankasamala, mpaka pa 4 Okutobala 1992 pamene boma la Mozambique ndi Renamo anasayina mtendere ku Rome. Msewu wa Tete, umene kwa zaka zambiri galimoto zinkadutsamo pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, unatseguka. Bambo anali atatha zaka 34 osaponda kwawo. Kumudzi munthu wotere amamutcha mtchona, ndipo mtchona wobwerera chimanjamanja amasekedwa ndi ana omwe.

"Iwe," anandiuza madzulo ena, "kwathu sindingalowe ndi galimoto ya zigambazigamba. Adzati zaka zonsezi ndimatani ku Halale?"

Tinayamba mu Juni 1993, ine ndili ndi zaka 18. Tinalephera katatu, ndipo kulephera kulikonse ndimakukumbukira kuposa ukwati wanga. Koyamba tinapopera boneti pamwamba pa penti wakale. Thinazi wa duko ndi waukali. Anadya penti wa pansiyo, boneti yonse n'kuchita makwinya ngati nkhope ya nkhalamba. Panalibe chochitira koma kupala galimoto yonse mpaka chitsulo, ntchito ya masabata asanu, Loweruka masana ndi Lamulungu tikachoka ku tchalitchi. Kachiwiri tinapopera m'mamawa wa chisanu mu shedi yosankhiramo fodya, poti munalibe fumbi. Tinaiwala kuti shedi imeneyi amaisunga yachinyezi kuti masamba asaphwanyike. Thinazi akamauluka amaziziritsa chitsulo, nthunzi n'kukhala pa penti wosauma, ndipo chitseko chimene chinayenera kukhala chobiriwira chinayera mbuu ngati wathirapo mkaka. Kachitatu panatuluka timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Bambo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anamasula paipi ya kompuresa n'kundionetsa chala chonona. Kompuresa yopopera matayala a thirakitala inkalavula mafuta pamodzi ndi mpweya. Zitini ziwiri za duko zinali zitapita, ndipo chitini chilichonse chinali relishi ya mwezi. Amayi anafunsa ngati ku Ntcheu anthu amadya penti.

Mu Sepitembala, mphepo ya Ogasiti italeka ndipo mvula isanayandikire, tinayesanso, pansi pa denga la wekishopu titatchinga ndi masaka. Apa ndi pamene ndinaphunzira ntchito. Pa penti woyamba wotuwa uja, bambo anawazapo penti wakuda pang'ono chabe ngati mwaye, n'kundipatsa sandipepa wokulunga pa kathabwa. Pamene pakuda pakana kuchoka, ndiye kuti pali dzenje. "Usakhule ndi zala," ankatero, "zala zimatsata dzenje, thabwa limaliulula." Tsiku lopopera tinathira madzi pansi kuti fumbi lisadzuke, tinakhetsa madzi a m'thanki ya kompuresa, tinasefa penti pa sokosi ya nayiloni ya amayi. Mfuti ankaigwira motalikira chikhatho chimodzi chotambasula, osaipendeketsa, mzere uliwonse ukuphimba theka la mzere wapita. Ukatalikira, penti amafika atauma kale n'kuchita khungu la lalanje. Ukayandikira kapena kuchedwa, amayenderera ngati misozi. Anapopera kasanu ndi kamodzi mopyapyala, ndipo komaliza anachulukitsa thinazi kuti penti agone. Pakamwa anamanga kansalu konyowa basi. Lero sindingalole mwana wanga kutero, makamaka ndi penti wa masiku ano wa 2K, amene mankhwala ake oumitsira amawononga mapapo.

Itauma sinanyezimire. Ndinakhumudwa. Bambo anaitsekera masabata atatu kuti duko alimbe, kenaka tinatenga ndowa ya madzi, sopo wa Sunlight ndi sandipepa wa 1200, n'kuikhula yonse mpaka inafwifwa ngati sileti ya kusukulu. Munthu wosadziwa akanati taiwononga. Ndiye panabwera phala lopukutira ndi matewera akale a mlongo wanga, mozungulira, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, kusamala m'mphepete pamene penti ndi wopyapyala. Tsiku lachinayi madzulo ndinaweramira chitseko ndipo ndinaona mabalani a fodya ataima mmenemo, njerwa iliyonse payokha, mizere yosapindika. Komboni yonse inabwera. Ana ankapanga tsinya pa boneti kuti adzione. Mwini pulazi naye anafika, anaizungulira kawiri, nafunsa ngati bambo angapente yake.

Tinanyamuka mu Disembala, kudzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Tete, m'mbali mwa msewu muli mabwinja a malole otenthedwa pa nkhondo. Titatsala pang'ono kufika kumudzi, bambo anaima pa kamtsinje, navula malaya, ndipo tinatsuka matope onse a ulendo. Analowa m'mudzi pang'onopang'ono, mawindo otsekula. Amayi awo anali atamwalira zaka zisanu ndi zinayi mmbuyomo. Kalata inali itawapeza nthawi yake, koma manda anali asanawaone. Mlongo wawo sanayang'ane galimoto n'komwe. Anawagwira mutu ndi manja awiri n'kuyamba kulira maliro aja pomwepo. Amene anaizungulira ndi anyamata a m'mudzi, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ku Zimbabwe ntchito ikupezeka.

Mu 2000 mapulazi anayamba kulandidwa, ndipo lathu linatengedwa patapita zaka ziwiri. Pogawa minda, anthu a m'makomboni ambiri sanawerengedwe, poti zitupa zathu zinkati ndife alendo, ngakhale ife obadwira pomwepo. Lamulo la unzika la 2001 linaipitsa zinthu, ndipo zinadzayamba kuwongoka ndi malamulo atsopano a dziko a 2013. Tinachoka ku Selous ndi Peugeot yomweyo, matiresi pa denga, mbuzi ziwiri kumbuyo, kupita ku kachipinda ka lendi ku Chegutu. Chingwe chomangira matiresi chinasiya mizere iwiri pa denga imene ilipo mpaka pano.

Bambo anamwalira mu 2011. Galimotoyo ili kuseri kwa nyumba yanga, ndipo anthu okonda galimoto zakale a ku Harare abwera kawiri kudzaipempha ndi madola a ku America. Wachiwiriyo anandilangiza kuti ndiipale yonse ndi kuipaka 2K. Chaka chatha ndinagula sandipepa wa 2000 ndi phala lopukutira, ndinayesa pa chitseko cha kumanzere chokha. Duko wa 1993 anadzuka, kupatula m'mphepete mwa chogwirira, pamene ndinapitirira muyeso mpaka penti wotuwa wa pansi anaonekera.