Kukhumudwa

Agogo a m'mafamu a ku Goromonzi ku Zimbabwe, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, akati "ndakhumudwa" mwina akunena chala cha kuphazi chimene chagunda chitsa. Tanthauzo lakale ndi lomwelo, kupunthwa uli pa ulendo, ndipo la mumtima linabwera pambuyo. Anzawo a Chishona amati kugumburwa, mawu ogwiranso ntchito kuwiri konseko.

Kukhumudwa n'kosiyana ndi kukwiya, chifukwa chokukhumudwitsa ndi chinthu chimene unkachidalira. Taonani osewera Counter-Strike, gemu yowomberana m'magulu ija. Mu Seputembala 2023 kampani ya Valve inatulutsa Counter-Strike 2 n'kuiika m'malo mwa Global Offensive, imene anthu anaizolowera kuyambira 2012. Atatsegula yatsopanoyo anapeza kuti maseweredwe otchedwa Arms Race mulibe, pa makompyuta a Mac siikuyenda, ngakhale kugwira mfuti kumanzere sikukutheka. Madandaulo anasefukira pa Steam, pomwe Valve imagulitsira magemu.

Valve, yosakonda kuyankhula, inayankha ndi zochita, koma mochedwa ndithu: Arms Race inabwerera mu Febuluwale 2024, dzanja lamanzere mu Epulo. A Mac aja anangosiyidwa choncho.