Mota ya Tesla pabwalo la milandu

Nzeru ikangoonekera poyera, aliyense amati ankaidziwa kale. Apa mpamene pamavutira oweruza milandu ya patenti, chikalata chija chotsimikiza mwini luso latsopano.

Ku America muyeso unaikidwa m'chaka cha 1851, pa mlandu wa Hotchkiss ndi Greenwood wa zogwirira zitseko zoumba ndi dothi. Khoti lalikulu linati chimene mmisiri wamba akanachiganiza yekha sichiyenera patenti.

Tsono pa 1 Meyi 1888 Nikola Tesla analandira mapatenti a mota ya magetsi osinthasintha, m'mene mphamvu ya maginito imazungulira yokha n'kumakoka chitsulo cham'kati. Kampani ya Westinghouse itagula ufuluwo, opikisana nayo anayamba kufukula zakale. Kodi Walter Baily sanazunguze kale mbale yamkuwa ku London mu 1879? Inde anatero, komatu iye ankasintha magetsi a batire ndi dzanja, kanthu kongoonetsera basi. Mu 1900 woweruza Townsend ku Connecticut anakomera Tesla, ndipo ine ndikuti analondola.

Wondimvetsa chisoni ndi Galileo Ferraris wa ku Turin. Anaitulukira payekha nzeru yomweyi, koma poyesa kuti mota yotere izitaya theka la mphamvu, patenti sanaifune n'komwe.