Wakomoka kapena mtima waima?

Munthu akagwa pakati pa magalaja a ku Biwi Triangle, onse amakuwa kuti wakomoka. Wina amathamangira madzi, wina amakupiza ndi katoni, wina amaimitsa galimoto pamsewu wa M1 kuti apite naye ku Kamuzu Central Hospital. Nthawi zambiri wogwayo amadzukadi. Koma ophunzira udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, amaphunzitsidwa kusiyanitsa zinthu zitatu zimene ife timaziponya m'thumba limodzi.

Wokomoka magazi amuchepera ku ubongo kwa kanthawi, koma mtima ukugunda ndipo akupuma. Ameneyu ngwongogoneka chammbali kuti lilime kapena masanzi zisamutseke kukhosi. Wina mtsempha wodyetsa mtima watsekeka: amamva kuphwanya pachifuwa, thukuta kamukamu, koma amayankhula, ndipo chake n'kuthamangira naye kuchipatala. Wachitatu mtima waima. Sayankha, sapuma bwino, ndipo pakangotha mphindi 4 mpaka 6 ubongo umayamba kuwonongeka. Amene anakhalapo pamndandanda wa magalimoto pamlatho wa Lilongwe masana akudziwa kuti mphindi zimenezo sizikufikitsa kulikonse.

Chosokoneza kwambiri ndi kupuma kwabefu kumene ena amachita mtima utangoima: kukoka mpweya mwa apo ndi apo, mkonono ukumveka, kukamwa kuli yasa. Ozungulira amati siyani, akupuma. Achikulire amati akutsirizika, n'kuyamba kumuwongola miyendo. Wophunzira amauzidwa kuti kumeneko si kupuma, ndipo asathe masekondi opitirira 10 akufufuza. Kwa ine, apa ndi pamene pagona phunziro lonse, kuposa luso la manja.

Lusolo ndiye CPR, kutsitsimula mtima ndi mapapo. Wodwala agone chagada polimba, osati pamatiresi. Chikhatho chikhale pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, zigongono zowongoka. Ukanikize masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ukulola chifuwa kubwerera chokha kuti mtima udzazenso magazi. Ukakanikiza ka 30, upendeketse mutu, ukweze chibwano, uuzire mpweya kawiri. Nthiti imatha kuthyoka, ndipo ophunzira ambiri amachita nazo mantha, koma nthiti imapola. Kuchipatala mpweyawo amapopa ndi Ambu bag, ndipo pali makina otchedwa defibrillator omenya mtima ndi magetsi pamene ukungonjenjemera osapopa. Kukanikiza kumangosunga ubongo podikira zimenezo.

Njirayi si yakale kwenikweni. Mu 1960, Kouwenhoven, Jude ndi Knickerbocker a ku Johns Hopkins anaonetsa kuti mtima ungapopedwe popanda kung'amba chifuwa, ndipo chaka chomwecho Asmund Laerdal wa ku Norway, wopanga zidole za ana, anatulutsa Resusci Anne, chidole chophunzirira. Kwa zaka zambiri ndondomeko inali ABC: njira ya mpweya, kupuma, kenako kuyenda kwa magazi. Mu 2010 American Heart Association inaitembenuza kukhala CAB, chifukwa anthu ankataya nthawi pakamwa mtima uli duu. Zinathandizanso oopa matenda: amene sangathe kuuzira mlendo mpweya akanikize basi, n'zaphindu ndithu.

Ana ndiye nkhani ina, ndipo apa Malawi ali ndi mawu ake. Mtima wa mwana kawirikawiri umaima chifukwa mpweya wayamba kusowa, kaya ndi chibayo, kutsamwa kapena kumira. N'chifukwa chake ETAT, njira yosankha msanga ana odwalitsitsa pamzere, yomwe Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaikulitsa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, imayambira pa kupuma. Azamba a kuchipatala cha Bwaila nawo amadziwa Helping Babies Breathe: khanda likabadwa osapuma, liyambe kupopedwa mpweya mphindi yoyamba isanathe.

Zonsezi wophunzira amaziloweza m'Chingerezi, mayeso n'kukhoza. Koma mabuku ake amati wokanikiza amatopa msanga, asinthane ndi wina mphindi ziwiri zilizonse. Ku Biwi winayo adzakhala makaniko wa manja amafuta, ndipo adzafunika kuuzidwa m'Chichewa chachidule, manja a wophunzirayo asanachoke pachifuwa: "Achimwene, gwadani apa, ikani manja pomwe pali angawa, musasiye mpaka nditanena."