Madandaulo a okalamba olumala pa tsiku loyambira kulandira Mtukula Pakhomo ku Phalombe

Madandaulo a tsiku loyambira kulandira Mtukula Pakhomo ndi milandu imene imabuka pamene banja likuona kuti linayenera kuyamba kupatsidwa ndalama msanga kusiyana ndi tsiku limene ofesi inalemba. M'Malawi mulibe ndalama ya mwezi ndi mwezi yoperekedwa kwa nkhalamba iliyonse kapena kwa wolumala aliyense. Choncho okalamba olumala a m'boma la Phalombe amathandizidwa kudzera mu Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa.

Mbiri

Mtukula Pakhomo anayamba mu 2006 m'boma la Mchinji. Phalombe linali limodzi mwa maboma asanu ndi awiri oyamba kufikiridwa, pamodzi ndi Mchinji, Likoma, Machinga, Salima, Mangochi ndi Chitipa. Pofika 2018, ndondomekoyi inali itafika m'maboma onse 28. Imayendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zake imachokera kwa mayiko ndi mabungwe othandiza, monga Germany, Ireland, European Union ndi World Bank.

Amene amalowa

Ndalamayi imaperekedwa ku banja, osati kwa munthu payekha. Cholinga chake ndi kufikira mabanja 10 mwa 100 aliwonse, amene ndi osaukitsitsa komanso osowa ogwira ntchito. Banja limawerengedwa kuti likusowa ogwira ntchito ngati mulibe munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena ngati munthu wamphamvu mmodzi akusamalira anthu oposa atatu. Ukalamba, ulumali ndi matenda a mgonagona zimathandiza banja kukwanira pa muyeso umenewu, koma pazokha sizipatsa munthu malo pa mndandanda.

Gwero la kusamvana

Ndalama imayamba kuwerengedwa banja likavomerezedwa ndi kulembetsedwa, osati kuyambira tsiku limene munthu analumala. Apa ndi pamene pamachokera mitundu iwiri ya madandaulo.

Woyamba ndi wa banja lomwe linalembetsedwa kale koma linadumphidwa pa malipiro ena, mwina chifukwa dzina linalembedwa molakwika, wolandira anali m'chipatala, kapena wolandira wamwalira ndipo wolowa m'malo sanasinthidwe m'kaundula. Banja lotere likhoza kupempha ndalama zotsalira, chifukwa zinali kale zake.

Wachiwiri ndi wa nkhalamba yomwe yachita khungu kapena yafa ziwalo kalembera atadutsa. Popeza kusankha mabanja kumachitika patapita zaka zingapo ndipo malo ndi owerengeka, munthu wotere amadikira mpata kapena kalembera wina. Akalowa, miyezi imene anadikira siilipiridwa. Dandaulo lake limakhala lopempha kuti aganiziridwe, osati lofuna ndalama za m'mbuyo.

Njira yodandaulira

Dandaulo limayambira ku komiti ya m'mudzi yoona za Mtukula Pakhomo, kapena kwa ogwira ntchito a boma pa tsiku lolandira ndalama. Likakanika pamenepo, limapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Phalombe, yomwe ili pansi pa bwanamkubwa. Nkhalamba yosatha kuyenda ikhoza kuimiridwa ndi wachibale amene analembedwa kuti aziilandirira.

Umboni wofunika ndi khadi la Mtukula Pakhomo losonyeza malipiro ndi chiphaso cha unzika. Mafumu, kuyambira nyakwawa mpaka mfumu yaikulu monga Mkhumba, Nazombe kapena Jenala, amatha kuchitira umboni kuti munthuyo ndi wa m'deralo. Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri ku Phalombe ndi kukokolola katundu, kuphatikizapo mapepala a anthu.

Zimene malamulo amanena

Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu woti maofesi a boma azimuchitira zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, komanso kumupatsa zifukwa zolembedwa pa chigamulo chokhudza ufulu kapena zofuna zake. Motero wodandaula ali ndi mphamvu yofunsa khonsolo kuti ilembe tsiku limene banja linalembetsedwa ndi chifukwa chake silinalipidwe. Ngati sanakhutire, akhoza kukasuma ku ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza kwaulere madandaulo okhudza maofesi a boma, kapena ku bungwe la Malawi Human Rights Commission.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, ndipo m'chaka chomwecho lamulo latsopano la anthu olumala linalowa m'malo mwa la 2012. Mabungwe monga MANEPO, loimira okalamba, akhala akupempha boma kuti likhazikitse penshoni ya nkhalamba zonse, yomwe tsiku loyambira kulandira lingadalire zaka za munthu, osati kalembera.