The War of the Worlds ndi maganizo a owerenga

The War of the Worlds ndi buku la nthano yoopsa lomwe H. G. Wells anatulutsa mu 1898. Limasimba za zolengedwa zochokera ku Mars zomwe zinatera pafupi ndi tauni ya Woking ku England, n'kuyamba kupsereza anthu ndi cheza chotentha komanso kuwayamwa magazi.

Owerenga ambiri amati nthanoyi ikudzudzula utsamunda, poti Wells anakumbutsa Angerezi mmene azungu anapululira anthu a ku Tasmania. Pomwe amasiyana maganizo ndi pa mathero, pamene adaniwo akufa ndi tizilombo toyambitsa matenda, zida za asilikali zitalephera. Ena amadandaula kuti nkhaniyo yatha mwadzidzidzi, komatu Wells anali ataneneratu m'kati mwa bukulo kuti ku Mars kulibe tizilombo totere.