Si awa omwe anatibweretsera Baibulo?

Mmalawi wongofika kumene kuno ku Britain amadodoma akaona za Lamulungu. Misewu ili zii, ena akuthamanga m'mapaki, ena akutsuka galimoto. Tchalitchi chachikulu chamiyala chomwe umachionera patali, ukachiyandikira upeza chinasanduka malo odyera. Kuntchito ukatchula za mapemphero, mnzako amakuuza mosapsatira kuti iye sakhulupirira zoti kuli Mulungu, ndipo alibe nazo manyazi. Tikakumana timafunsana kuti, kodi si awa omwe anatibweretsera Baibulo? Ndi omwewo, abale anga. Kungoti m'dziko lino mwakhala mukuyenda mitsinje iwiri kuyambira kale, wa chikhulupiriro ndi wa kukayika, ndipo kwathu kunafika umodzi.

Taonani chaka cha 1859. Mu Sepitembala, David Livingstone anafika pa nyanja yathu. Mu Novembala, Charles Darwin anatulutsa ku London buku lake la On the Origin of Species, lofotokoza kuti zamoyo zakhala zikusinthika pang'onopang'ono kwa zaka miyandamiyanda. Pomwe mishoni ya Blantyre inkakhazikitsidwa mu 1876, kuno ophunzira anali atakangana kale kwa zaka zambiri ngati nkhani ya chilengedwe ya m'buku la Genesis inachitikadi monga inalembedwera.

Kukayika sikunayambe ndi Darwin, ndipo oyambawo anakulipirira modula. Kuchokera mu 1534, pamene mfumu Henry VIII inachotsa England m'manja mwa Papa n'kudziika yokha kukhala mutu wa mpingo, mpingo ndi boma zinkayendera limodzi. Wonyoza chipembedzo ankazengedwa mlandu kukhoti. Ku Edinburgh mu 1697 ananyonga Thomas Aikenhead, mnyamata wapayunivesite wazaka pafupifupi 20, chifukwa chonyoza Malemba pocheza ndi anzake. Mu 1811 yunivesite ya Oxford inathamangitsa wandakatulo Percy Shelley chifukwa cha kabuku kokana Mulungu.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Charles Bradlaugh. Anthu a ku Northampton anamusankha kukhala phungu wawo mu 1880. Iye, posakhulupirira Mulungu, anapempha kuti angolonjeza kukhulupirika m'malo molumbira pa Baibulo. Aphungu anzake anamukaniza. Atati chabwino ndilumbira, anamukanizanso, amvekere lumbiro la munthu wotere ndi lopanda pake. Anafika pomutsekera usiku umodzi m'chipinda cha nsanja ya Big Ben. Koma ovota a ku Northampton sanabwerere m'mbuyo: anamusankhanso kanayi, mpaka anakhala pa mpando wake mu 1886, ndipo mu 1888 lamulo linasintha. Ufulu umenewu umateteza aliyense amene chikhulupiriro chake chikusiyana ndi cha olamula, ngakhale ife obwera. Komabe mu 1921 John William Gott anamangidwa miyezi 9 chifukwa cha timapepala tonyoza Chikhristu, ndipo lamulo loletsa kuchitira mwano Mulungu linathetsedwa ku England ndi Wales mu 2008 mokha.

Kuyambira m'ma 1960 matchalitchi anayamba kuchepa anthu, koma mwakachetechete. Phokoso linabuka pambuyo pa 11 Sepitembala 2001, zigawenga zitagwetsa nsanja za New York m'dzina la Mulungu, komanso mabomba a pa 7 Julayi 2005 atapha anthu 52 m'sitima ndi m'basi za London. Mabuku otsutsa chipembedzo anatsatizana: Sam Harris mu 2004, Daniel Dennett ndi Richard Dawkins mu 2006, Christopher Hitchens mu 2007. Awiri omalizawa ndi a kuno. Ndipo mwina simudziwa kuti Dawkins, wasayansi wa ku Oxford amene analemba The God Delusion, anakhala zaka zake zaubwana ku Nyasaland. Anabadwira ku Nairobi mu 1941, bambo ake ankagwira ntchito ya zaulimi m'boma la atsamunda kwathu, ndipo banjali linasamukira ku England iye ali ndi zaka 8.

Chatsopano mwa olemba mabukuwa sichinali mfundo zawo, chinali kulimba pakamwa. Ankati palibe umboni woti Mulungu aliko. Kuti chipembedzo chiyenera kufunsidwa mafunso monga ndale zimafunsidwira. Kuti n'kulakwa kutchula mwana wamng'ono kuti Mkatolika kapena Msilamu asanasankhe yekha. Kuti mabishopu 26 a Church of England alibe chifukwa chokhalira m'nyumba ya malamulo ya House of Lords popanda wowasankha. Mu Januwale 2009, mabasi mazanamazana anayenda m'mizinda ya kuno atamatidwa uthenga wouza anthu kuti mwina Mulungu kulibe, choncho aleke nkhawa. Ndalama zake anasonkha ndi anthu wamba, kutsatira pempho la mlembi Ariane Sherine mu nyuzipepala ya The Guardian.

Ine ndine wopemphera, ndipo sindinasiye. Koma ndinganame nditati sanalasepo. Pa nthawi yomweyo zinkaululika kuti atsogoleri a mipingo ina anabisa kwa zaka zambiri nkhanza zomwe ansembe ankachitira ana, pofuna kuteteza dzina la mpingo. Anthu a kuno anali asanaiwalenso za Northern Ireland, kumene anthu oposa 3,500 anaphedwa pa mkangano wandale womwe unagawa Akatolika ndi Aprotestanti. Kwathu nako, George Thindwa ndi bungwe lake la Association for Secular Humanism ndiwo anavutikira agogo omangidwa powanamizira ufiti, pamene ambiri a ife opemphera tinali chete. Zimenezi zimandiwawa.

Pomwe sindigwirizana nawo ndi pamene amatenga chipembedzo chonse ngati matenda. Amene anabadwira m'chipatala cha Nkhoma kapena Ekwendeni, amene anaphunzira kuwerenga pa sukulu ya mishoni, amene anamva kalata ya mabishopu a Katolika ikuwerengedwa m'tchalitchi mu 1992 n'kugwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi, sangavomereze kuti chikhulupiriro chimangowononga. Ndipo mawu awo aukali pa Chisilamu analemetsa katundu wa Asilamu wamba a kuno, omwe anali kale akuyang'anidwa ndi diso lokayika chifukwa cha zomwe sanachite.

Lero phokoso lija linazilala. Hitchens anamwalira mu 2011, Dennett mu 2024, ndipo chaka chomwecho Dawkins ananena poyera kuti ngakhale sakhulupirira, amakonda nyimbo ndi miyambo ya Chikhristu. Koma matchalitchi sanadzazenso. Kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza kuti odzitcha Akhristu ndi 46 pa anthu 100 alionse, kutsika kuchoka pa 59 mu 2011, pamene opanda chipembedzo anakwera kuchoka pa 25 kufika pa 37. Ku Scotland, mu kalembera wa 2022, opanda chipembedzo anapitirira theka la anthu onse. Ambiri mwa iwo sanawerengepo Dawkins ndipo alibe mkwiyo ndi mpingo. Analeredwa ndi makolo omwe nawonso anali atasiya kale kupita kutchalitchi, kotero mukawauza kuti Lamulungu simungagwire shifiti chifukwa cha mapemphero, amangovomera n'kukufunsani ngati Loweruka mungakwanitse.